Tikwere phiri la Zomba pa njinga mvula ili mkati, kapena tidikire?

Funso: Ndine wapampando wa kagulu ka achinyamata ku Chinamwali. Tilipo 14, ndipo tinagwirizana kuti kumapeto kwa Januwale tikwere phiri la Zomba pa njinga za kapalasa, tikagone komweko usiku umodzi m'matenti, m'mawa mwake tikafike ku dzenje lakuya lotchedwa Chingwe's Hole kenako n'kutsika. Ena ali ndi njinga za magiya, ena ndi zija za kabaza. Ndalama tinasonkha kale, koma mvula ikugwa pafupifupi tsiku lililonse. Anzanga akuti mvula si mpeni, tingovala majekete basi. Tipite kapena tisinthe?

Yankho: Achimwene, kukwera mutha kukwera, koma ulendo momwe mwaukonzeramu ine sindingauvomereze. Zogona m'matenti ndi zokafika ku Chingwe's Hole zichotseni kaye, muzisungire mwezi wa Meyi kapena kumapeto kwa Ogasiti. Mu Januwale pangani ulendo wa tsiku limodzi, wonyamuka kukangoyera, woti pofika 1 koloko masana aliyense akhale atatsika. Ndifotokoze chifukwa chake, kuti tsikulo likafika mudzathe kugamula nokha mukuyang'ana kumwamba.

Anzanuwo sakunama, mvula si mpeni. Pokwera imathandiza kumene, chifukwa thupi limakhala likutentha ndi kupalasa, ndipo madontho amangokuziziritsani bwino. Mavuto amayamba pomwe mwatembenuza njinga kuti muzitsika. Tauni ya Zomba ili pa mamita opitirira pang'ono 900 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, Ku Chawe, pomwe pali hotela ya paphiripo, ndi pafupifupi 1,500, ndipo nsonga ya Malumbe yaposa 2,000. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, choncho tsiku loti kumsika anthu akuyenda ndi malaya a manja aafupi, pamwamba pamakhala pena. Tsono onjezanipo zovala zonyowa, njala, ndi mphepo ya njinga imene ikutsetsereka pa liwiro la makilomita 30 kapena 40 pa ola, miyendo itangokhala pa mapedulo osagwira ntchito. Thupi limataya kutentha msanga kuposa momwe likupangira. Zoyamba kugonja ndi zala, zimachita dzanzi, ndipo zala zadzanzi sizifinya buleki. Ngozi zambiri za m'mapiri zimachitika pobwerera, anthu akuganiza kuti ntchito yatha.

Nkhani ya mabuleki ndiikhalira pang'ono, popeza pagulu lanu ndi pomwe pali chiopsezo chachikulu. Buleki ya labala yofinya limu imadalira kuti limuyo ikhale youma. Ikanyowa, mukafinya palibe chimachitika kufikira tayala litazungulira kamodzi kapena kawiri, labala itapukuta madzi, ndiye buleki imayamba kugwira. Pa liwiro la pamtsetse, kanthawi kameneko ndi mamita angapo amene mukuyenda opanda buleki, ndipo pa makhona a msewu wa Ku Chawe mamita angapo ndi ambiri. Njinga za kabaza zambiri zili ndi malimu achitsulo chonyezimira komanso mabuleki a timitengo tachitsulo, ndipo mwa mitundu yonse imeneyi ndiyo imagonja kwambiri ikanyowa. Pa msewu wa ku Jali kapena wa ku Matawale zilibe kanthu, munthu amatsitsa phazi n'kuima. Paphiri ayi. Njinga za mabuleki a disiki zimagwirabe bwino m'mvula, koma nazonso tayala likaterereka buleki sikuthandizani.

Mchenga wosakanikirana ndi madzi umadya labala ya buleki modabwitsa. Labala yoti ikanatha miyezi ingathe tsiku limodzi la matope. Aliyense anyamuke ndi malabala atsopano, ndipo gulu litenge ena apadera ndi sipanala yake. Potsika muzifinya pang'onopang'ono kawirikawiri kuti limu izikhala yopukutika, muchepetse liwiro musanalowe m'khona osati muli mkati mwake, ndipo musafinye ya kutsogolo mwadzidzidzi tayala lili pa matope kapena pa masamba a paini. Phwetsaniko mpweya pang'ono m'matayala kuti aziluma nthaka, tsitsani chishalo, thako likhale chakumbuyo. Pakati pa njinga ndi njinga pazikhala mpata woti galimoto zitatu kapena zinayi zingakwanepo, chifukwa wakutsogolo akagwa, wakumbuyo sangaime msanga.

Wina pagulupo anena kuti, nanga azibambo otsitsa nkhuni paphiripo si njinga zomwezi? Akawaone bwino. Ambiri a iwo njinga yolemedwa saikwera potsika, amaiyendetsa ali pansi, thupi lonse litatsamira kumbuyo, ndipo msewuwo amaudziwa dzenje lililonse. Muziwapatsa njira mukakumana nawo, iwo sangaime mwadzidzidzi. Kwa anzanu a njinga za kabaza lamulo likhale lomwelo: msewu ukanyowa, pa mtsetse waukulu atsike aziyenda pansi, kapena njinga zawo zikwere galimoto. Si zamanyazi. Koma muwauziretu pa msonkhano, chifukwa mnyamata wa zaka 19 sangatsike panjinga atsikana akuona pokhapokha ngati linali lamulo la onse.

Chifukwa chimene ndakanira za Chingwe's Hole ndi msewu. Kuchokera m'tauni kufika Ku Chawe ndi tala, ndipo ngakhale kugwe mvula, munthu wosamala amatsika. Mukangodutsa pamenepo n'kulowa m'nkhalango, misewu ndi yadothi, ndipo ina imayendamo malole onyamula matabwa ndi zipika, amene nyengo ino amasiya ngalande ziwiri zakuya zodzaza madzi. Dothi lofiira likanyowa limamata ngati nsima ya kondowole. Limaunjikana pakati pa tayala ndi madigadi mpaka tayala kuleka kuzungulira, ndipo pa njinga za magiya limadzaza m'tcheni. Mukakakamiza kupalasa, kachitsulo kosinthira magiya kumbuyo kamapindika kapena kuthyoka. Pamenepo njinga yasanduka katundu woti musenze. Chingwe's Hole ili kumphepete kwa phiri chakumadzulo, komwe mumaonera chigwa cha Shire, kutali ndi tala. Nyengo youma ndi ulendo wokoma wa maola ochepa. M'matope, ndi anthu 14 osiyana mphamvu, muziwerengera kuti mukuyenda liwiro la munthu wapansi, mwinanso kuchepera, ndipo wina akathyoka phewa kumeneko galimoto wamba singakafikeko. Timilatho tamatabwa ndi miyala ya ndere m'mbali mwa mitsinje, monga cha ku Williams Falls, nazo zimaterera koopsa. Pamenepo tsikani muwoloke mukukankha. Mtsinje umene madzi ake afiira ndipo akuthamanga kufika m'mawondo musawoloke n'komwe, dikirani aphwe kapena bwererani.

Kenako pali nkhungu. Paphiri la Zomba mtambo umatha kutsika n'kukuta nkhalango yonse m'mphindi zochepa, moti mnzanu amene ali mamita 20 kutsogolo osamuonanso. Misewu ya m'nkhalango ndi yambiri, imakumana ndi kupatukana, ndipo mitengo ya paini imafanana paliponse. Malo ena adadulidwa mitengo, choncho chizindikiro chimene wina akukumbukira kuchokera chaka chatha mwina kulibenso. Netiweki ya foni ili apa ndi apo. Ngati mukufuna kupitirira damu la Mulunguzi, lembani mmodzi mwa anyamata operekeza alendo amene amapezeka cha Ku Chawe, mugwirizane mtengo musanayambe. Komanso zindikirani kuti kukwera kukafika ku Emperor's View, pomwe Haile Selassie wa ku Ethiopia anaima mu 1965, kapena ku Queen's View pafupi pomwepo, phindu lake ndi kuona tauni pansi, nyanja ya Chilwa, ndi Mulanje chapatali. Kukachita nkhungu mumangoona kuyera. Mwavutika ndi matope kukajambulitsa pa utsi.

Mvula ya nyengo ino ili mitundu iwiri, ndipo iliyonse ili ndi yankho lake. Yoyamba ndi ija ya mabingu, imene kawirikawiri imakonzeka m'mawa dzuwa likutentha n'kudzagwa masana kapena madzulo. Imeneyi mutha kuizemba ndi wotchi. Nyamukani 5:30 kapena 6 koloko, ndipo gwirizanani ola lobwerera musanachoke, tinene 11 koloko, kaya mwafika pomwe mumafuna kaya ayi. Ikakupezanibe, choopsa chachikulu ndi mphenzi. Mukaona kung'anima yambani kuwerenga mpaka bingu limveke; masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Mukawerenga osafika 30, mvulayo ili pafupi moti mphenzi itha kukufikani. Chokani pamtunda poonekera ndi m'mphepete mwa phompho, musabisale pansi pa mtengo umene waima wokha, njinga zisiyeni chapatali, ndipo musaunjikane. Balalikanani mamita angapo, kuti ikagwa isakanthe gulu lonse. Malo abwino ndi m'nyumba yeniyeni kapena m'galimoto yotseka mawindo. Matayala a njinga sateteza munthu ku mphenzi, zimenezo ndi nkhambakamwa. Dikirani mphindi 30 bingu lomaliza litamveka ndiye muziyambanso. Ndipo munthu amene wawombedwa ndi mphenzi alibe magetsi m'thupi, mugwireni msanga. Ngati sakupuma, yambani kum'psinya pachifuwa pomwe wina akuitana thandizo.

Mtundu wachiwiri ndi mvumbi, mvula yosakata ya masiku awiri kapena atatu, makamaka kukakhala namondwe wochokera ku nyanja ya Indian Ocean kudzera ku Mozambique. Januwale mpaka Malichi ndiyo nyengo yake: Ana anabwera mu Januwale 2022, Idai ndi Freddy mu Malichi, wina 2019 wina 2023. Apa palibe zokambirana, ulendo wafa. Nthaka ya m'mapiri ikakhuta madzi imagumuka, mitengo imazuka n'kugwera pamsewu, ndipo makhwawa ouma amasanduka mitsinje yogubuduza miyala. Akuluakulu a ku Zomba amakumbukirabe napolo wa mu Disembala 1946, amene anatsika m'phiri lomweli n'kukokolola milatho m'tauni. Ngakhale mvumbi utakata dzulo lake ndipo lero kwawala, dikirani masiku awiri kapena atatu, chifukwa phiri limakhala likadali lodzaza madzi. Sabata ya ulendo muzimvera uthenga wa nthambi yoona za nyengo pa wailesi kapena pa tsamba lawo la Facebook, madzulo aliwonse, ndipo wina wake apatsidwe ntchito imeneyo ndi dzina.

Musaganize kuti mukasamutsira ulendo ku Juni kapena Julayi ndiye mwathawa zonse. Miyezi imeneyo kuli chiperoni: mawawa, nkhungu ndi mphepo yozizira ya kum'mwera chakum'mawa, imene imatha kukhala masiku angapo. Mphenzi kulibe, matope ndi ochepa, koma chisanu n'choposa cha Januwale, ndipo dzuwa limalowa msanga, cha m'ma 5 koloko. N'chifukwa chake ndatchula Meyi ndi kumapeto kwa Ogasiti. Mu Meyi nkhalango ikadali yobiriwira, mathithi ali ndi madzi, misewu yauma.

Tsopano majekete amene anzanu akudalira. Jekete ya mvula ndi yofunika, koma chimene chili mkati mwake n'chofunika koposa. Thonje likanyowa limasunga madzi n'kumakokabe kutentha m'thupi, choncho jinzi ndi tisheti ya thonje ndi zovala zoipitsitsa paulendo wotere. Majezi a mpira aja ndi abwino, amauma msanga, ndipo juzi yaubweya kapena ya fulisi ya pa kaunjika imafunditsabe ngakhale itanyowa. Pokwera valani zopepuka, muyambe mukumvako kuzizira pang'ono. Juzi ndi malaya ena ouma zikhale m'jumbo yomanga bwino m'chikwama, osazikhudza mpaka mwafika pamwamba. Mukafika, musanadye, musanajambule, vulani chonyowa, valani chouma, jekete pamwamba. Nyuzipepala yakale kapena jumbo yoyala pachifuwa mkati mwa jekete imatchinga mphepo potsika. Magolovesi aliyense akhale nawo, ngakhale aja a labala ochapira ovala pamwamba pa aubweya. Chisoti cha njinga sindikambirana nacho. Wopanda chisoti asatsike pa njinga. Jasi lalitali lokupiza kapena ambulera pa njinga ayi, zimakola mphepo ndi masipoko.

Inu monga wapampando phunzirani kuzindikira munthu amene chisanu chamulowa. Amayamba ndi kunjenjemera kosaletseka, kenako manja amalephera kutseka zipi kapena kumanga chingwe cha nsapato, mawu amatuluka olobodoka, amapunthwa, ndipo munthu wansangala amangoti zii kapena kuyamba kukwiya zopanda pake. Iye mwini amaumirira kuti ali bwino, ndiye musamufunse, muoneni. Kutentha kwa thupi kukatsika kupitirira madigiri 35 ndi matenda kale. Muimitseni pobisika mphepo, muchotseni zonyowa, mufunditseni kuyambira kumutu, asakhale pansi ponyowa koma pa chikwama, ndipo ngati akutha kumeza bwino mum'patse tiyi wotentha wa shuga wambiri. Mowa ayi, ngakhale pang'ono. Umam'pangitsa kumva ngati wafundidwa pomwe kutentha kukuthawira pakhungu. Akasiya kunjenjemera koma akadali wozizira ndi wosokonezeka, zafika poipa: musam'kwezenso pa njinga, mum'nyamule mosamala, apite ku Zomba Central Hospital. Amene amagwidwa msanga ndi owonda, aang'ono, ndi amene sanadye. Ndiye fulasiki ziwiri za tiyi ziyende ndi gulu, ndipo aliyense azidya kanthu ola lililonse asanamve njala: nthochi, mtedza, mbatata yophika, buledi wa chiponde. Zipatso zimene amagulitsa m'mbali mwa msewu wa Ku Chawe n'zokoma koma si chakudya cha munthu wopalasa. Madzi tengani a kunyumba, malita awiri munthu mmodzi. Kukazizira ludzu silimveka koma thukuta likutulukabe, ndipo madzi a mumtsinje nyengo ya kolera ino musamwe osathira mankhwala.

Anthu 14 ndi ambiri, ndipo paphiri gulu limaduka lokha. Amphamvu atatu amathamangira kutsogolo, ofooka awiri amatsalira, ndipo wotsalirayo ndi amene tayala limam'phwera, pomwe pampu ili ndi wakutsogolo. Sankhani wotsogolera amene palibe wom'pitirira, ndi wotseka kumbuyo amene palibe wotsala kumbuyo kwake. Wotsekayo akhale munthu wamphamvu ndi wodekha, ndipo ndiye anyamule pampu, machubu, zigamba, solushoni, masipanala, chodulira tcheni ndi bokosi la mabandeji. Onse awiri akhale ndi mawezulo, popeza m'nkhungu ndi mphepo mawu safika patali. Pa mphambano iliyonse gulu liime mpaka wotseka afike, muwerengane, ndipo womaliza kufika apumeko kaye. Chizolowezi chonyamuka iye akangotulukira chimam'tha mphamvu yemwe ali wofooka kale. Koma musaime nthawi yaitali mutanyowa, mphindi zisanu zakwana. Pa tala yendani mondondozana kumanzere, ndi nyali yofiira kumbuyo kapena chovala chowala, chifukwa m'nkhungu woyendetsa galimoto amakuonani atafika kale.

Ndalama zimene mukanagulira chakudya cha usiku ndi kubwereka matenti, lembani nazo pikiapu. Ikwere pambuyo panu, ikadikire Ku Chawe kapena ku damu, itanyamula mabulangete, zovala zouma ndi tiyi. Imeneyo ndiyo idzatsitse njinga za kabaza mvula ikagwa, ndi aliyense amene wazizidwa. Kunyumba siyani munthu wodziwa njira yanu, mayina a onse ndi ola lobwerera, ndipo adziwe chochita olalo likapitirira.

Chomwe chikukuvutani kwenikweni ndikuchiona m'kalata yanu, ndi mawu akuti ndalama tinasonkha kale. Gulu likasonkha, likasoketsa matisheti, likalengeza pa WhatsApp, palibe amafuna kukhala woyamba kunena kuti tibwerere, ndipo aliyense amakhala chete poganiza kuti mantha ali ndi iye yekha. Pamwamba pa phiri, anthu atatopa ndipo mtambo ukuda, si malo ochitira voti. Zithetseni pa msonkhano sabata ino. Lembani m'buku kuti ulendo ulephereka ngati a zanyengo achenjeza za mvula yamphamvu kapena namondwe, ngati kwagwa mvumbi m'masiku atatu apitawo, kapena ngati m'mawa wa tsikulo mabingu ayamba kale. Lembaninso kuti zikatero ndalama sizibwezedwa koma zisungidwa kwa msungichuma mpaka tsiku lina, ndipo tsiku linalo litchulidwiretu. Musankhe munthu mmodzi amene mawu ake obwerera ndi omaliza, makamaka amene anakwerapo phirili pa njinga nyengo ya mvula, ngakhale asakhale inuyo.

Loweruka lina tsiku la ulendo lisanafike, tengani gulu lonse mukayese theka la msewu wa Ku Chawe ndi njinga zomwezo, n'kutsika. Pamenepo mudzaona nokha buleki ya ndani ikulira osagwira, ndani akutsalira, ndi ndani samva zoti asapitirire wotsogolera. Njinga imene yalephera tsiku limenelo ipite kwa amakanika, ndipo mudzaiyesenso inu nomwe m'mawa wa ulendo musanailole kunyamuka.